Yunivesite yaikulu yomwe si yaboma, ili ndi chipatala chake: wa chaka choyamba amapindulapo chiyani?

Kalulu_Wofunsa
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndapatsidwa malo kuwiri. Kwina ndi ku yunivesite yaikulu yomwe si yaboma, ya ophunzira zikwizikwi, ili ndi chipatala chakechake ndi malabu ambirimbiri, ndipo dzina lake ukalitchula anthu amakupatsa ulemu. Kwinako ndi kukoleji yaing'ono, yopanda chipatala, yosatchuka pa kafukufuku, koma akuti aphunzitsi amadziwa mwana aliyense ndi dzina. Ndikufuna kuchita sayansi ya zamoyo, kenako udokotala. Yaikuluyo yandichotserako fizi, koma yotsalayo ikuluma ndithu, popanda ngongole sizitheka. Kabuku kawo kangodzaza nkhani za kafukufuku, madokotala otchuka ndi zithunzi za ana akuseka pa kapinga. Kodi zimenezo ine wa chaka choyamba ndikazilawa, kapena ndikalipirira dzina basi?

Tsabola_Wakale
Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pitani kwakung'onoko. Ngongole si masewera.

Kadzidzi
A Tsabola, mwagamula mlandu mboni zisanalankhule. Timve kaye kwa amene ali m'katimo.

WaLabu
Ine ndili m'katimo. Ndikuchita PhD pa yunivesite ya mtundu womwewo, ndipo ndikuuzeni mosabisa, a Kalulu: amene adzachonge mapepala anu a chaka choyamba ndi anthu ngati ine, osati pulofesa wa pachithunziyo. Kemisitiri amaphunzitsira mu holo ya anthu mazana angapo. Pulofesa amalowa ndi kamaikolofoni pakolala, kuphunzitsa, nthawi ikakwana n'kutuluka. Okhala kumbuyo amamuonera pa sikirini. Mafunso mumabwera nawo kwa ife m'timagulu ting'onoting'ono, ndipo kulabu ndife timakuonetsani kagwiridwe ka pipeti, kachida kotengera timadzi pang'onopang'ono, ndi kukukalipirani mukavula magalasi oteteza maso.

Sikuti mapulofesawo ndi ouma mtima ayi. Ntchito yawo amaiyeza ndi zina. Mphunzitsi watsopano amapatsidwa zaka pafupifupi 6 kuti aonetse zomwe wasindikiza m'magazini a sayansi komanso ndalama za kafukufuku zomwe wakokera ku yunivesite. Zikakwana amam'patsa tenure, ndiye kuti wakhazikika, kum'chotsa n'kovuta. Zikaperewera amalongedza. Kuphunzitsa bwino amawerengerako, koma sindinaonepo munthu atapulumuka chifukwa chongokondedwa ndi ana.

Mbali inayo ndi iyi. Mu labu yathu muli ana a digiri yoyamba. Mtsikana wina anayamba n'kutsuka mabotolo ndi kumata mayina pa timachubu. Pano ali chaka chachitatu, ali ndi kafukufuku wake wamng'ono, ndipo dzina lake lituluka pa pepala limodzi ndi athu. Palibe anam'itana. Anawerenga zomwe labu imachita, analemba imelo, sanayankhidwe, analembanso, kenako anakaonekera yekha ku ofesi pa maola omwe pulofesa amalandira ophunzira. Maola amenewo mpando wa mlendo umangokhala wopanda munthu mpaka sabata ya mayeso.

Kalulu_Wofunsa
Zikomo akulu. Ndiye wamanyazi ngati ine ndathera pomwepo?

WaLabu
Manyazi amatha semesita isanathe. Ambiri chimawapweteka n'choti sadziwa kuti amaloledwa kugogoda.

Tsabola_Wakale
Ndiye mwavomera nokha. Mwana akongole ndalama zonsezo kuti akaphunzitsidwe ndi wophunzira mnzake?

Kadzidzi
Zomwe mukudandaulazo, a Tsabola, sizinachitike mwangozi, anazikonza choncho kuyambira pachiyambi. Kale ntchito ya mayunivesite ambiri inali kupatsa ana zomwe zinalembedwa kale m'mabuku. Maganizo oti mphunzitsi azikhalanso wofufuza, wophunzira aziona ndi maso mmene nzeru zatsopano zimapezekera, anamera mizu ku Germany, makamaka pa yunivesite ya Berlin yomwe inatsegulidwa mu 1810 potsata maganizo a Wilhelm von Humboldt. Ku America yomwe inawatengera mwamphamvu ndi Johns Hopkins University ya ku Baltimore, mu 1876. Mwini dzinalo anali wamalonda, ndipo pomwalira anasiya madola 7 miliyoni oti agawidwe pakati pa yunivesite ndi chipatala. Chipatalacho chinatsegulidwa mu 1889, sukulu ya udokotala mu 1893. Ndalama za sukuluyo zitaperewera, mayi wina wachuma, Mary Elizabeth Garrett, anaikapo zake, koma ndi mfundo zake: akazi azilandiridwa mofanana ndi amuna, ndipo wolowa azikhala ndi digiri kale. Dokotala William Osler ndi amene anatulutsa ophunzira mu holo n'kukawaimika pambali pa bedi la wodwala, ndipo kumeneko n'komwe kunakhazikika dongosolo loti dokotala wongomaliza kumene azikhala zaka zingapo m'chipatala akusulidwa ndi akuluakulu.

Ndiye onani, a Kalulu. Dongosolo limeneli analikonzera wofufuza, wa PhD ndi wophunzira udokotala. Wa chaka choyamba ali ndi malo ake ndithu, koma si amene ankamuganizira pokonza. Phindu limakula mukamakwera makalasi.

Chiphaliwali
A Kadzidzi mwaidzoza mafuta mbiriyo. Onjezanipo kuti mu 1910 Abraham Flexner analemba lipoti lomwe linatenga Johns Hopkins ngati muyezo wa sukulu zonse za udokotala ku America, ndipo zambiri zinatsekedwa. Mwa sukulu 7 zomwe zinkaphunzitsa madokotala akuda zinatsala ziwiri zokha, Howard ndi Meharry. Maphunziro anatalika, mtengo unakwera, mwana wa wosauka anatsala panja. Ngongole yomwe a Kalulu akuiopayo ili ndi agogo ake.

Kadzidzi
Sindikana. Komanso zambiri mwa zomwe zinatsekedwazo zinalibe labu, zinalibe chipatala, zinkangogulitsa mapepala kwa aliyense wolipira. Mukanalola kuchitidwa opaleshoni ndi munthu wochokera kumeneko?

Chiphaliwali
Mukanalola kukhala dera lopanda dokotala ndi mmodzi yemwe?

Namwino_Wausiku
Abambo inu dikirani kaye, ndimuyankhe mwanayu za chipatala, chifukwa ndaona kuti ndi chimene chikum'kopa. Ndagwira ntchito zaka zambiri m'chipatala chophunzitsira. Mwana wanga, uli chaka choyamba sukhudza wodwala. Chomwe ungapeze ndi ntchito yongodzipereka: kukankha njinga za odwala, kulozera anthu njira, kucheza ndi ana m'wodi. Ukachita mwayi dokotala wina amakulola kuyenda pambuyo pake, koma uyambe waphunzira malamulo osunga chinsinsi cha odwala ndi kuonetsa mapepala a katemera. Zazing'ono, inde, koma zimakuuza msanga ngati fungo la wodi ndi kulira kwa abale ungazipirire. Ndaonapo ana anzeru kwambiri atasintha maganizo chifukwa cha Loweruka limodzi ku chipinda cha ngozi, ndipo kunali bwino kuti anadziwira pomwepo.

M'mawa uliwonse gulu limazungulira wodi. Dokotala wamkulu patsogolo, achinyamata omwe akuphunzira ukatswiri pambuyo pake, ophunzira kumapeto ndi timabuku m'matumba. Wodwala wagona ndi chovala chotseguka kumsana, nkhope zonsezo zam'zinga, ndipo nkhani ya thupi lake ikukambidwa pamwamba pa mutu wake. Ena zimawawawa, makamaka akafunsidwa funso lomwelo kachitatu ndi anthu osiyana. Ufulu wokana kuonedwa ndi ophunzira ali nawo, koma ambiri sadziwa, ndipo ife anamwino ndi amene timawanong'oneza.

Koma ine ndikadwala kwambiri mudzandipititse komweko. Maso amakhala ambiri. Wophunzira ndi yekhayo amene ali ndi nthawi yokhala pansi ola lathunthu n'kumva wodwala, ndipo si kamodzi wophunzira watulukira mankhwala omwe wodwala amamwa kunyumba koma sanalembedwe mu faelo. Akatswiri a matenda osowa amapezekanso kumeneko, ngakhale pakati pa usiku.

Mlendo22
Amayi, nanga zoti achinyamatawo amagwira ntchito osagona n'zoona?

Namwino_Wausiku
Zinali zoipa kuposa pano. Mu 1984 mtsikana wa zaka 18, Libby Zion, anamwalira m'chipatala chophunzitsira ku New York ali m'manja mwa madokotala achinyamata omwe anali ndi odwala ambiri usiku umenewo. Bambo ake sanaugwire mtima, anaikokera nkhaniyo kutali, mpaka New York inaika malire a maola. Mu 2003 malire a maola 80 pa sabata anafika m'zipatala zophunzitsira za dziko lonse la America. Werengani bwino, 80. Amenewo ndiye maola ochepetsedwa.

Chiphaliwali
Poti tafika pa odwala, tisalumphe za Henrietta Lacks. Mu 1951 mayi ameneyu anapita ku chipatala cha Johns Hopkins ndi khansa ya khomo la chiberekero. Anam'tenga maselo osam'funsa, iye anamwalira chaka chomwecho ali ndi zaka 31, maselowo anapitirira kuswana mu labu ndipo anafalikira dziko lonse. Anathandiza poyesa katemera wa poliyo ndi zina zambiri. Banja lake linadzamva patapita zaka zoposa 20. Kafukufuku amene akukomedwa m'timabukuyu ena anam'lipira ndi matupi awo.

WaLabu
Maselo amenewo, a HeLa, tili nawo mu thanki yozizira ya labu yathu. Mwana aliyense watsopano ndimam'fotokozera mwini wake asanatsegule kabotolo. Masiku amenewo kunalibe lamulo lokakamiza kupempha chilolezo pa zotere. Zinthu zinasintha pang'onopang'ono: mfundo za Helsinki zoteteza anthu ochitidwa kafukufuku mu 1964, kenako kuululika kwa kafukufuku wa Tuskegee mu 1972, pomwe bungwe la zaumoyo la boma la America linakhala zaka 40 likungoonerera amuna akuda odwala chindoko osawapatsa mankhwala oyenera, kenako mu 1979 lipoti la Belmont, la mfundo zoyenera kutsata pochita kafukufuku pa anthu ku America. Lero sungatenge ngakhale malovu a munthu komiti yoona za ufulu wa ochita nawo kafukufuku isanavomere, ndipo amakubwezera fomu kangapo chifukwa cha chiganizo chimodzi chosamveka. Timadandaula, koma timadziwa komwe zinachokera.

A Kalulu, izi zikukukhudzani. Pa makoma mudzaona zikwangwani zofuna anthu oyeserapo kafukufuku, ena amapereka kangachepe, ndipo m'maphunziro ena monga saikoloje kutenga nawo mbali kumawerengedwa pa malikisi. Werengani fomu yonse musanasaine. Mutha kukana, mutha kusiyira panjira, ndipo kawirikawiri pamakhala ntchito ina yolowa m'malo.

MayiWaAwiri
Ine ndilankhule monga kholo. Ndinkaganiza kuti poti chipatala chachikulu chili pampanda pomwepo, mwana wanga akadwala azingolowa. Ayi ndithu. Ophunzira ali ndi kakiliniki kawo, ndipo kuti akaonane ndi katswiri ayambe wapatsidwa kalata kumeneko, kenako adikire pamzere monga wina aliyense. Inshulansi ndi yokakamiza, amaiphatikiza pa bilu ya fizi, ndipo sinalipire zonse. Mwana anapotokola bondo pa masewera, bilu inabwera patapita miyezi, tonse tinagwira pakamwa. Chomwe chinandiwawa koposa ndi cha chaka chachiwiri. Anayamba kusagona, kulira popanda chifukwa, kujomba m'kalasi. Atapita kwa alangizi anamuuza kuti adikire masabata, chifukwa inali nyengo ya mayeso ndipo aliyense anali pakhomo pomwepo. Ndinachita kuimba foni ndekha kwa woyang'anira ophunzira. Atayamba kuonedwa anathandizidwa bwino, sindinama, koma kufika pamenepo kunali kukoka.

Funsani zimenezi musanasankhe. Kakilinikiko kamatseka nthawi yanji? Usiku ndi Lamlungu amapita kuti? Alangizi amakuona kangati osalipira?

Namwino_Wausiku
Pepani amayi, zimenezo ndazimva kwa makolo ambiri. Ndionjezereko za katemera. Ambiri amafuna mapepala a katemera wa chikuku, ndipo kwa ogona m'hositelo, wa matenda oumitsa khosi. Musatenge ngati chipongwe. Matenda amenewo amakonda pomwe achinyamata adzadzana, ndipo amatha kupha munthu m'maola ochepa. Mnzako wa m'chipinda akatentha thupi, mutu waukulu, khosi louma, kuwala kukumuwawa, usamusiye kuti agone adzuka bwino.

Njinga_Yofiira
Mwatchula mnzako wa m'chipinda mwandikumbutsa mavuto. Wanga ankatchera alamu ya 4 koloko m'mawa kuti awerenge. Tonse m'khonde tinkadzuka, kupatula mwini wake.

Mlendo22
Wanga ankaimba foni ndi chibwenzi usiku wonse, pa sipika. Mavuto awo ndinkawadziwa kuposa maphunziro anga.

Njinga_Yofiira
Munawayanjanitsa?

Mlendo22
Ndinapempha kusintha chipinda. Amalola, bola mukaonane ndi wophunzira wamkulu woyang'anira khonde lanu, mulembe madandaulo, mudikire. Koma kunena zoona anzanga enieni ndinawapezera m'hositelo momwemo, osati m'kalasi. M'holo ya anthu mazana sudziwa ngakhale dzina la amene wakhala naye. Pa yunivesite yaikulu muli magulu a chilichonse, kwaya, mpira, mitsutso, nyuzipepala ya ophunzira, mapemphero. Lowani limodzi sabata yoyamba. Amene anati ayambe wazolowera kaye, ena anamaliza chaka akudya okha.

Kadzidzi
Abale, mwanayu anafunsa za ngongole, ife tafika pa zibwenzi.

Mwerengi
Ndibwezeretu pa ndalama, poti ndi ntchito yanga. Choyamba, "si yaboma" sizitanthauza kuti pali bwana wina amene akutenga phindu. Akuluakulu odziwikawa, monga Harvard, Stanford, Duke, kapena Aga Khan University yomwe inayamba mu 1983 ku Karachi ndipo ili ndi chipatala ku Nairobi, ndi mabungwe osagawana phindu, oyendetsedwa ndi bodi ya matrasti. Aliponso ena omwe ndi bizinesi yeniyeni. Dziwani kuti yanuyo ili mbali iti.

Chachiwiri, fizi yanu si imene imayendetsa malabu. Kafukufuku wambiri amalipiridwa ndi ndalama zomwe mapulofesa amapikisanirana kuchokera ku boma ndi mabungwe. Ku America gwero lalikulu pa zaumoyo ndi NIH, bungwe la boma la kafukufuku wa zaumoyo. Pa ndalama zimenezo yunivesite imatengapo gawo la magetsi, nyumba ndi maofesi, n'chifukwa chake pulofesa wokoka ndalama amam'gwira ngati dzira. Kuyambira mu 1980, lamulo la Bayh-Dole linalolanso mayunivesite kukhala eni a zomwe atulukira ndi ndalama za boma n'kumagulitsa ziphaso kwa makampani. Ndipo pa ena mwa iwo, ndalama zolowa kuchipatala zimaposa kutali za fizi.

Anthu amati, nanga si ali ndi chuma, bwanji osangophunzitsa ulere? Thumba la Harvard laposa madola 50 biliyoni, n'zoona. Koma thumba lotere salidya lonse. Amaliika m'misika ya ndalama n'kumatapapo pafupifupi 5 peresenti pa chaka, ndipo gawo lalikulu ndi lomangidwa: amene anapereka ananeneratu kuti zanga ndi za mpando wa pulofesa wakuti, kapena za laibulale. Komanso mayunivesite ambiri omwe si aboma alibe ngakhale kachigawo ka chuma chotere, amadalira fizi.

Ndiye a Kalulu, tengani makalata onse awiri muwaike pa tebulo. Thandizo akupatsanilo ndi la chaka chimodzi kapena zaka zonse? Limachoka malikisi akatsika pa mlingo wanji? Fizi ikakwera nalonso limakwera? Likuphatikiza hositelo, mabuku, inshulansi? M'kalatamo ndi ziti mphatso, ndi ziti ngongole, poti ena amazilemba pamodzi kuti chiwerengero chioneke chokongola? Ndipo lembani kalata ku ofesi yoona za thandizo, muwaonetse zomwe enawo akupatsani, mupemphe kuti aonenso. Ena amaonjezera. Akakana simutaya malo.

Tsabola_Wakale
Apa ndiye mwalankhula. Ndipo kumbukirani kuti akufuna udokotala. Ngati njira yake ndi ya digiri kaye kenako sukulu ya udokotala, ngongole yeniyeni ili kutsogolo. Kutha mphamvu pa digiri yoyamba n'kulakwitsa.

Chiphaliwali
Pali zosintha. New York University inachotsa fizi ku sukulu yake ya udokotala mu 2018, ndipo mu 2024 wachuma wina, Michael Bloomberg, anapereka madola 1 biliyoni ku Johns Hopkins kuti ophunzira udokotala ambiri asamalipire.

Tsabola_Wakale
Sukulu ziwiri, ndipo kulowako n'kovuta zedi. Munthu sakongola lero podalira zimenezo.

Mlendo22
Nanga mndandanda wa mayunivesite apamwamba uja? Yaikuluyo ikakhala pamwamba sizikutanthauza kuti amaphunzitsa bwino?

Kadzidzi
Onani zomwe amawerenga. Mndandanda wa Shanghai, womwe unayamba mu 2003, umawerenga mphoto za Nobel, mapepala otuluka m'magazini a sayansi a Nature ndi Science, ndi ofufuza omwe anzawo amawatchula kwambiri. Palibe amafunsa ngati mwana wa chaka choyamba anamva kemisitiri. Mindandanda ina imayesa kuwerenga kukula kwa makalasi, koma ziwerengero amapereka ndi mayunivesite eni ake. Mu 2022 pulofesa wa masamu wa ku Columbia University, Michael Thaddeus, anakayikira poyera ziwerengero zomwe yunivesite yakeyo inapereka ku U.S. News, magazini yomwe imapanga mndandanda wotere ku America. Columbia inavomera kuti zina zinali zolakwika, kuphatikizapo za kukula kwa makalasi, ndipo inatsika kuchoka pa nambala 2 kufika pa 18. Makalasiwo anali omwewo dzulo ndi lero.

WaLabu
Koma tisapite nazo patali mpaka kunena kuti dzina ndi lopanda ntchito. Mukadzafuna malo a udokotala kapena a masitazi, amafuna makalata okuchitirani umboni. Kalata yochokera kwa munthu amene mwagwira naye ntchito mu labu zaka ziwiri, amene anzake amam'dziwa, imalemera. Kalata yochokera kwa pulofesa wotchuka amene sakukumbukani nkhope siilemera kanthu, ndipo ndaonapo oterowo akufunsa ife kuti, mwana ameneyu anali wotani? Pamenepo mphunzitsi wa kukoleji yaing'ono amene anakuphunzitsani makalasi atatu amalemba zogwira mtima kuposa.

Kalulu_Wofunsa
Ndawerenga zonse, zikomo nonse. Ndatsegulanso kalata ya yaikuluyo monga ananenera a Mwerengi. Gawo lina lomwe ndinkaliyesa mphatso ndi ngongole, ndipo inshulansi mulibemo. Mawa ndilembera ofesi yawo. Ndifunsanso kwakung'onoko ngati ana awo amapeza malo a kafukufuku kwina pa tchuthi, ndi angati mwa ofuna udokotala amalowadi.

Mwerengi
Pa funso lomalizalo samalani. Akakuuzani peresenti, funsani kuti ndi ya ana onse omwe anayamba akufuna udokotala, kapena ya okhawo omwe koleji inawalola kupempha malo. Zimasiyana kwambiri.

Njinga_Yofiira
Ndifunse nawo. Munthu atayamba kwakung'onoko, angasamukire kwakukuluko chaka chachiwiri kapena chachitatu?

WaLabu
Zimatheka, koma malo amakhala ochepa, ndipo si maphunziro onse omwe amawavomera. A labu ndiye amavuta nawo kwambiri, ena amabwerezedwa. Sungani ndondomeko ya phunziro lililonse yomwe mphunzitsi amagawa tsiku loyamba, chifukwa ndi imene amaitanitsa.

Mwerengi
Ndipo thandizo la fizi la osamuka limakhala locheperapo m'malo ambiri. Afunse zimenezonso m'kalata ya mawayo.